Belu Limene A Masiye Sanagulitse

Ndiyambe ndi kutsuka dzina la munthu. Aphunzitsi a Masiye sanagulitse belu la sukulu. Ndikudziwa kuti nkhaniyi munaimva kuchigayo, munaimva pa depoti, ena mpaka mumatchula mtengo wake ngati munalipo pamene ankanenerera. Bodza. Ine ndinali m'kalasi mwawo, kumbuyo kwenikweni kumene kumakhala anthu amene sukulu inawakana koma iwo sanaikane, ndipo maso anga sanadwalepo. Komabe musadzide kwambiri kuti munanamizidwa, chifukwa amene anayambitsa bodzalo ndi a Masiye eni ake.

Muwadziwe kaye munthuyo. A Masiye sankatha kukhala pansi, ndipo sankatha kuona chinthu osachifunsa mtengo. Mpando wawo wa m'kalasi unadyedwa ndi chiswe usanakhalidwepo. Mukakumana nawo panjira, moni unkabwera pambuyo. Ankayamba agwira chimene mwanyamula, kuchitembenuza, kuchinunkhiza, n'kuponya mafunso awo: mwagula zingati, mungagulitse zingati, angagule ndani. Mafunso amenewa anafunsapo mayi wina wobereka mwana, iwo poyesa kuti kumbuyoko kuli mtolo wa chinangwa.

Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti chaulere kulibe. Pampu ya njinga yawo ankabwereketsa ndi mango. Ukawafunsa nthawi, ankayang'ana wotchi, n'kukuyang'ana iwe, ngati akuganiza kuti akulipiritse bwanji. Banyira, kaja kamene wogulitsa amakuikira pamwamba kuti udzabwerenso, ankati ndi matenda oposa likodzo. Koma munthu yemweyu malonda ake onse ankagwa. Anaweta abakha, abakha anatsikira kunyanja osabwerera. Anagula maambulera ambiri chaka chimene mvula inavuta. Akazi awo ankati akamva mawu akuti "ndaganiza", amayamba abisa mapoto.

Zinali ku Chipoka, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Sukuluyo sindiitchula dzina, ana a ahedi athu akadali moyo ndipo ena amagula tomato kwa ine. Belu lake silinali belu ngati la kutchalitchi. Chinali chidutswa cha njanji, chotalika ngati mwendo wa munthu, cholendewera pa waya mumtengo wa bwemba. Chinali ndi mng'alu mbali imodzi, ndiye chikamenyedwa chinkalira bwino poyamba, n'kumalizira monjenjemera ngati munthu wa chimfine. Mawu amenewo aliyense wokulira kumeneko angawazindikire ngakhale ali m'tulo.

Sitandade eyiti ya masiku amenewo sinali ya ana. Malo kusekondale anali ochepa, ndiye tinkabwereza mpaka anyamata kumeta ndevu m'mawa uliwonse asanavale kabudula wa sukulu. Pobwereza ena ankasintha mayina kuti akuluakulu asadziwe. Mkulu wa onse anali Yakobo wa kwa Maganga, chimunthu chachitali, chamanyazi, manja ngati mafosholo. Anali atasintha dzina kambirimbiri, moti poitana mayina ankayamba wayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali wina amene ayankhe.

A Masiye anapatsidwa phunziro la ulimi. Tsiku loyamba analowa, anazungulira kalasi yonse osaima, kenaka anati, "Mwadzaza chipinda chonsechi. Kusekondale kupita awiri, mmodzi mwa awiriwo ndi mwana wa ahedi. Otsalanu mudzadya tirigu wa ku Kanada amene mukulowezayu?"

Iwo anafufuta mawu akuti ulimi pa bolodi n'kulembapo bizinesi. Anati aliyense azibwera ndi chinthu chimodzi choti angagulitse, ndipo wobwera chimanjamanja ndiye wolephera, ngakhale akhoze masamu onse.

Malonda athu oyamba anali mbewa. A Masiye kwawo kunali kumtunda, kumene mbewa ndi ndiwo yaulemu, ndipo nthawi imeneyo pa mafunso awo atatu aja anali ndi awiri oyamba okha. Titakolola m'munda wa sukulu anaona mauna, maso awo n'kuwala. Anzathu achisilamu anakana kugwira khasu, anakhala patali atatseka mphuno, koma a Masiye anangoti ndi ulesi. Mbewa zinakumbidwa, zinaphikidwa, zinapanidwa pa nsungwi bwinobwino. Kenaka anapereka lamulo lalikulu la malonda, lakuti wogulitsa aziima pamene pali anthu ambiri. Anampatsa Yakobo mipani n'kumuuza kuti akafune chigulu.

Linali Lachisanu masana. Chigulu chimene Yakobo anachipeza chinali pakhomo la mzikiti.

Woyamba kutuluka anali Che Abdulkarim, tcheyamani wa komiti ya sukulu, yemwenso anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, atavala mkanjo woyera mbee. Anapeza mwana wa sukulu yawo atatukula mbewa m'mwamba ngati mbendera, akunong'ona kuti zanona. Akuti mkuluyo anabwerera m'kati kukasambanso. Madzulo a Masiye anaitanidwa, anakalipiridwa mpaka khutu kutentha, koma m'mawa mwake analowa m'kalasi akumwetulira. Anati anachita dala kuti tiphunzire. Funso lachitatu lija, lakuti angagule ndani, linabadwa tsiku limenelo.

Ndipo funsolo linawafikitsa kusiteshoni. Anaona kuti m'sitima mumadutsa anthu a mitundu yonse, odya mbewa ndi osadya, onse anjala, onse otsekeredwa kuseri kwa mawindo. Anati mayeso enieni ndi amenewo. Sitima ikaima uli ndi kanthawi kochepa, ukachita manyazi yapita, ndipo sibwerera kudzakupepesa. Anauza mnyamata womenya belu kuti asamayang'ane wotchi ya ahedi, koma azimenya buleki akangomva sitima ikulira pokhota. Vuto linali lakuti sitima inkabwera nthawi imene yafuna. Tsiku lina buleki inkagwa pakati pa Chingerezi cha ahedi, tsiku lina inkafika dzuwa litapendeka, ana a sitandade wanu atayamba kale kulira. Belu likangolira, kalasi yathu yonse inkatulukira pakhomo ndi pawindo, malichero pamutu, a Masiye patsogolo, jekete likuuluka.

Pa windo la sitima anatipatsa lamulo limodzi: dzanja lamanja lilandire kaye, lamanzere lipereke pambuyo. Tinkaliimba ngati nyimbo. Saida, mwana wa Che Abdulkarim, ndiye analigwira msanga. Zitumbuwa zake zinkatha sitima isanapume bwino.

Tsiku lina a Masiye anati tonse ndife ofooka, tione mmene mwini wake amachitira. Analanda mbale ya Saida, mbale yamaluwa imene mayi ake analowa nayo m'banja, n'kupita pa windo pamene panali mayi wina wonenepa, wa duku lalikulu. Mayiyo anawatcha bwana. Anati sakuona bwino, amusendezere pafupi. A Masiye, atamva ubwanawo, anatukula mbale ndi manja onse awiri. Mbale inalowa, sitima inanyamuka.

Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga choncho. Anathamanga m'mbali mwa njanji akufuula kuti amayi, amayi, mpaka anadziponya pa chitseko chomaliza, nsapato imodzi n'kutsala pa miyala. Sitima inapita nawo ku Salima opanda tikiti, ndipo khadi lawo linali litatsala m'jekete lina. Anyamata a chipani a kumeneko anawakhazika pansi padzuwa, anthu akudutsa. Mwina kumeneko n'kukhala pansi kwawo koyamba. Anabwera mawa lake pa lole ya usipa, akununkha, mbale ili m'khwapa, yopanda kanthu, yobenthuka m'mphepete. Anatiuza kuti anapita kukaona mitengo ya zinthu ku boma.

Saida anakweza mkono mwaulemu. "Aphunzitsi, dzanja lamanja linalandira?"

Anamuuza kuti atsegule buku.

Mbale imeneyo ndiyo inadzaza mtima wa Che Abdulkarim. Iwo ndi ahedi anawaitana a Masiye mu ofesi, ife tili pansi pa windo kunja. Anauzidwa kuti sukulu si msika, kuti boma likufuna ana aphunzire kulima m'mizere, ndipo mlandu wina ukangobwera ntchito yatha. Tsono a Masiye anali atatsala pang'ono kupuma ndi penshoni, ndipo nyumba imene ankagona inali ya sukulu. Akazi awo anawagwadira kuti akhale phee zaka zotsalazo. Analonjeza. Buleki inabwerera pa wotchi, malonda tinkachita titaweruka.

Koma panali Yakobo. Tonse tinali titagwira kanthu, wina nsomba, wina mtedza, ine tomato. Yakobo yekha malonda ankamukana. Kasitomala akamuyang'ana m'maso ankatsitsa mtengo yekha asanafunsidwe. Wina akati alibe ndalama, ankamupatsa n'kumuthokoza. A Masiye ankagwira mutu, kumuuza kuti munthu ngati iyeyo angagwetse ngakhale sitolo ya mmwenye.

Ndiye tsiku lina belu linalira nthawi yolakwika, kulira kwachilendo, kofulumira, kosaleka. Sukulu yonse inatuluka poyesa kuti kwabwera alendo. Tinapeza Yakobo pansi pa bwemba, atapanikiza njanji ija ndi bondo, akupindirapo chitini cha mkaka ndi kanyundo. Ankapanga koloboyi, nyali ija ya palafini. Anati kunyumba amamenyera pa mwala, koma mwala umagumuka ndipo m'mphepete simuwongoka, pamene chitsulo ichi chili ndi msana wosalala ndi ngodya yakuthwa. Ahedi anamukwapula pomwepo, mnyamata wandevu, pamaso pa tiana. A Masiye anatola koloboyi uja, anamutembenuza, anathiramo madzi, anamukweza kudzuwa. Sanadonthe. Kwa nthawi yoyamba sanafunse mafunso awo, anangomuika m'thumba la jekete n'kumazungulira mtengo uja mpaka belu lenileni linalira.

Mayeso tinalemba, zotsatira zinabwera. Anasankhidwa awiri, monga ananenera, ndipo simufunika kufunsa kuti mmodzi anali mwana wa yani. Atsibweni ake a Yakobo anati zakwana, mayina obwereka atha. Anamulembetsa kwa kapitawo amene ankatenga anthu pa lole kupita nawo ku maesiteti a fodya ku Kasungu. Tonse tinkadziwa mmene anthu ankabwerera kumeneko, amene ankabwererawo. A Masiye masiku amenewo ankayenda ngati ayabwidwa ndi chitedze. Ankafika pa bwemba, kugwira njanji, kuchoka, kubwereranso.

Mwezi wa Okutobala, sukulu itangotsegulira, kunamveka kuti kudutsa alendo akuluakulu pa msewu. Sukulu yonse inatengedwa kukandanda, ndi ife obwereza tomwe, kuti tikaombe m'manja. Tinaima padzuwa kuyambira m'mawa, tiana tikukomoka, mbendera za mapepala zikufota m'manja. Magalimoto anadutsa masana ngati mphepo, mawindo otseka, ife n'kuombera fumbi. Titabwerera, womenya belu anapita pa bwemba ndi kachitsulo kake, anapeza waya yekha akugwedezeka. Yakobo nayenso sanaonekenso, koma aliyense anati wakwera lole ya kapitawo.

Mlandu unakhala pansi pa bwemba lomwelo, makolo atadzaza. Che Abdulkarim anati ichi n'chitsulo cha boma, ndipo wochotsa chitsulo cha boma tsiku la alendo ndi munthu wofuna kuchititsa manyazi dera lonse. Mawu otero masiku amenewo ankatha kumusowetsa munthu. Anati anyamata a chipani alowa nyumba ndi nyumba. Kenaka bambo wina kumbuyo anakumbutsa kuti pajatu panali mnyamata uja wa kwa Maganga amene ankakonda kuchigogoda, bwanji atumize anthu kwa atsibweni ake akaone ngati anakweradi lole.

A Masiye, amene nthawi yonseyi ankazungulira kunja kwa gulu, anaima.

"Musavutitse anthu. Ndinagulitsa ndine."

Ahedi, amene sanali munthu woipa kwenikweni, anawakoka jekete n'kuwanong'oneza kuti akhale pansi, anene kuti ndi akuba. Iwo anachotsa dzanjalo.

"Munagulitsa kwa yani, aphunzitsi?" anafunsa Che Abdulkarim.

"Munthu wa m'sitima."

"Dzina lake?"

"Kasitomala safunsidwa dzina."

"Nanga mtengo?"

A Masiye anakonza kolala, anayang'ana ife a kumbuyo, n'kunena monyada kuti unali mtengo wabwino kwambiri, ndipo dzanja lamanja linalandira kaye.

Anagona ku polisi masiku angapo. Ahedi anathamangathamanga mpaka nkhani inachoka ku ndale n'kukhala ya mphunzitsi wosokonekera mutu. Anatuluka, koma ntchito inatha, penshoni inapita, nyumba analandidwa. Akazi awo anakweza mapoto pa ngolo. Sukulu inapachika limu la gudumu la lole pa waya uja, lolira ngati beseni. Ndipo anthu anayamba kunena zimene mumanenazi, kuti mphunzitsi wa bizinesi anaphunzitsa mpaka kugulitsa belu. A Masiye akamva ankangogwedeza mutu ngati akuyamikiridwa.

Zaka zinapita. Ine sukulu ndinaisiya, kapena tinene kuti tinasiyana mwamtendere, n'kusamukira ku Salima ndi tomato wanga. M'mawa wina ndikuyala pa benchi, ndinamva belu. Thupi langa linadzuka lokha, ndinatsala pang'ono kusenza lichero kuthamangira sitima. Linalira bwino poyamba, n'kumalizira monjenjemera. Ndinalondola mawuwo mpaka kuseri kwa msika kumene kumakhala osula. Pansi pa kashedi, pakati pa ndowa, mbaula ndi makoloboyi olendewera ngati zipatso, panali Yakobo, atanenepa, akuphunzitsa anyamata ake kupinda lata pa njanji yathu. Lole ija sanakwere. Anali atabisala cha ku Nkhotakota mpaka ahedi atasamutsidwa, utcheyamani wa Che Abdulkarim utatha.

Ndinamufunsa kuti anagula zingati. Anayang'ana pansi ngati kale lija, n'kuti ndikafunse aphunzitsi.

Aphunzitsiwo sankasowa. Anali atasamukira kufupi ndi boma, akugwetsa malonda amodzi pambuyo pa ena, koma ntchito yawo yeniyeni inali kutiyendera. Msika wa Salima theka lake tinali ana awo. Ankadutsa benchi ndi benchi, osakhala, kugwira, kununkhiza, kukalipa. Saida anali ndi golosale yake, koma ankamuuza kuti shuga waika patali ndi maso. Ine anandigwira tsiku lina ndikuika banyira pa mulu wa tomato, anandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala mpaka kasitomalayo anabweza yekha. Pomaliza ankafika kwa Yakobo, kusankha koloboyi mmodzi, kukangana naye mtengo mpaka thukuta, kulipira, n'kumapita. Yakobo akayesa kuwapatsa osalipira ankakwiya zenizeni. Njanji ija ankaidutsa ngati sakuidziwa.

Anamwalira ali panjira, monga mmene aliyense akanayembekezera. Anatsamira njinga yawo pansi pa mtengo pa msewu wa kusiteshoni, anakhala pansi, ndipo anthu odziwa anazindikira pomwepo kuti zinthu sizili bwino. Titapita kukakonza m'nyumba tinapeza makoloboyi paliponse, pansi pa bedi, m'dengu, pa mtanda wa denga, ambiri osayatsidwapo n'kamodzi komwe. Akazi awo anati m'nyumbamo ankagona madzulo kukangoda, palafini ankawavuta.

Tsiku la maliro msika unatsekedwa theka. Kumanda, atsogoleri atamaliza, Yakobo anapempha kulankhula. Munthu amene sankatha kuyang'ana kasitomala m'maso anaima pamaso pa khamu, chipewa akuchifinya m'manja. Anafotokoza za tsiku la alendo lija, mmene sukulu inatsalira yopanda munthu, mmene aphunzitsi anadulira waya okha, kukulunga chitsulo m'chiguduli, kuchimangirira pa njinga n'kukankha naye mpaka kumsewu wina. Anati chaka chilichonse ankapita ndi ndalama m'manja kuti alipire, ndipo chaka chilichonse ankathamangitsidwa.

"Anandilumbiritsa," anatero Yakobo. "Anati ntchito ipite, nyumba ipite, zimenezo apirira. Koma anthu akadzamva mmene chitsulochi chinachokera m'manja mwawo, adzayenda bwanji mumsika, adzatikalipira ndi nkhope iti?"

Anthu ena anaseka, ena analira, ambiri tinachita zonse ziwiri. Che Abdulkarim, atakalamba, atatsamira ndodo, anafunsa Saida kuti mnyamatayo wati chiyani. Atauzidwa anati mbale ija inali yakale kale, aphunzitsi akanangoisiya ipite ndi sitima.

Masiku ano mumsika muli bata loipa. Munthu umatha kuyala tomato mokhota tsiku lonse popanda wokudzudzula. Ndimaika banyira mmene ndafunira, koma ndimayamba ndacheuka. Ana a sukulu amadutsa ndi mabuku awo, palibe amene amawaimitsa kuwafunsa kuti akalephera adzadya chiyani. Njinga ikalira kumbuyo kwanga ndimabisa mulu wosaoneka bwino, kenaka n'kukumbuka. Chokhacho chimene sichinasinthe n'chakuti kuyambira m'mawa mpaka madzulo belu la sukulu yathu limalira kuseri kwa msika, ndipo tonse okalamba a sitandade eyiti timakhala ngati buleki yatsala pang'ono.

Ndiye mukamva wina pa depoti akutchula mtengo, mumuuze kuti afunse ine. A Masiye, amene anatiphunzitsa kuti chaulere kulibe, belu lija anangompatsa Yakobo ulere.